Kusaka golide ndi zitsulo zakale kuzungulira Zomba: poyambira pake

Anthu akandiona ndi beseni lakuda ndi kafosholo m'mbali mwa mtsinje, funso lawo limakhala limodzi: "Achimwene, mulimo golide m'menemo?" Ndimawauza zoona. Phiri la Zomba si phiri la golide. Ndi chithanthwe cha miyala ya syenite ndi granite chimene chinakwera kuchokera pansi pa dziko chili chamoto n'kuzizira pang'onopang'ono, ndipo chimene Zomba ndi Malosa zimatchuka nacho kwa okonda miyala akunja ndi aegirine, mwala wakuda wautali ngati kamtengo ka makala osalala, pamodzi ndi quartz wa maonekedwe a utsi ndi feldspar woyera. Ndi miyala ija anyamata amayala m'mbali mwa msewu wa Ku Chawe. Mbiri ya golide m'Malawi muno ili kwina: m'chigwa cha Lisungwi ku Neno, komwe anakumbako m'zaka za m'ma 1930, ndi ku Makanjira ku Mangochi, komwe anthu akhamukira zaka zapitazi.

Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti amene akuwerenga ndi maganizo ogulitsa mbuzi n'kugula makina ofufuzira zitsulo aime kaye. Koma Zomba ndi malo abwino kwambiri ophunzirira luso limeneli. Mitsinje ilipo yambiri, Likangala, Naisi, Domasi, Thondwe. Tauniyi inali likulu la dziko mpaka 1975, choncho nthaka yake yameza ndalama zachitsulo, mabatani ndi tizitsulo ta mibadwo ingapo. Ndipo akatswiri a miyala a boma tili nawo pompano.

Yambani ndi pakamwa, khasu lidikire

Safunsa anadya phula. Miyala yonse ya pansi pa nthaka ndi chuma cha dziko, ngakhale munda utakhala wa agogo anu, ndipo lamulo la migodi la 2023 ndi limene likuyendetsa nkhani za ziphaso tsopano. Musanapite kumtsinje, kafikeni ku Geological Survey Department, yomwe likulu lake lili mu Zomba momwemuno. Kawauzeni chimene mukufuna kuchita, ndi malo ake, ndipo mufunse chiphaso chimene chikufunika ndi ofesi imene imachipereka. Mufunsenso ngati malowo sali kale m'chiphaso cha munthu wina kapena kampani. Pemphani kuona mapu a miyala a dera lanu. Mapu amenewo amakupulumutsani ku maulendo ambiri opanda pake, chifukwa amaonetsa mtundu wa thanthwe limene mtsinje wanu ukudutsamo.

Pali malo amene simuyenera kuwaganizira n'komwe. Pamwamba pa phiri ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1913, ndipo kukumbamo popanda chilolezo cha a zankhalango ndi mlandu. Mulunguzi, pamwamba pa damu, ndi madzi amene tauni yonse imamwa. Manda, malo a nsembe, malo a asilikali ndi zipilala zakale, zonsezi zisiyeni.

Kenako kwa amfumu. Musalowe m'mudzi ndi makina ali pamapewa ngati mwabwera kudzayeza malo, anthu amachita mantha kuti minda yawo ikupita. Siyani katundu, pitani ndi munthu wodziwika m'mudzimo, mukhale pansi, mupereke moni, nduna ikulandireni mawu. Ine ndimati: "Zikomo amfumu, ndabwera kudzapempha. Ndimaphunzira za miyala. Ndikufuna kutapa mchenga pang'ono pamtsinje wanu, masana, anthu akuona. Dzenje lililonse ndikwirira, ndipo chimene ndipeze ndidzabwera nacho pano muchione." Akakana, thokozani n'kubwerera. Akalola, mufunsenso mwini dimba limene mudutsemo, ndipo mufunse amayi pamene amatunga madzi akumwa kuti inu mukakhale kumunsi kwake.

Zida zochepa chabe

Beseni lapulasitiki lakuda kapena lobiriwira, losazama kwambiri, la m'mbali motsetsereka. Mtundu ndi wofunika chifukwa golide saoneka bwino m'beseni loyera kapena lachikasu. Likakhala latsopano likwecheni ndi mchenga ndi sopo mpaka lichoke kuterera, chifukwa mafuta, ngakhale a m'manja mwanu, amayandamitsa tinyenyeswa ta golide n'kutitaya. Sefa wa waya wa mabowo olowa nsonga ya chala chaching'ono. Kafosholo, ndowa, supuni yakale, sikuludiraiva yaitali yokolowolera m'ming'alu. Maginito, ngakhale a m'sipika ya wailesi yakufa, okulungidwa m'kajumbo. Kabotolo koonekera m'kati kokhala ndi chitsekero. Galasi lokulitsira zinthu. Gambutsi, chifukwa mitsinje yakumunsi yopita ku nyanja ya Chilwa ili ndi likodzo, ndipo munthu wopeta amakhala m'madzi maola ambiri.

Phunzirani kunyumba ndi mtovu

Ili ndi gawo limene ambiri amalumpha, pomwe ndilo limasiyanitsa wodziwa ndi wongoseweretsa madzi. Golide amalemera ka 19 kuposa madzi ofanana naye kukula. Mchenga wamba sufika n'katatu komwe. Mtovu uli pa 11. Ndiye mukatha kusunga mtovu m'beseni, golide sangakuthaweni.

Tengani mtovu wa asodzi, muduledule tizidutswa khumi, tina ngati njere ya mpunga, tina ngati njere ya mawere. Sakanizani mu mchenga wodzaza theka la beseni. Petani m'bafa la madzi pakhonde monga ndifotokozere pansipa, kenako werengani. Mukapeza zisanu ndi ziwiri, zitatu zili m'bafa, bwerezani. Ine zinanditengera masabata awiri kuti khumi zizibwerera zonse kangapo motsatizana. Mukamaliza sambani m'manja, ndipo mtovuwo usakhale pofikira ana.

Kuwerenga mtsinje

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka October, madzi atatsika. Nthawi ya mvula musayerekeze. Mvula imatha kugwa kuphiri inu kumunsi kuli dzuwa, madzi n'kukupezani m'khwawa mosayembekezera, ndipo ife a kum'mwera kuno tinaona mu March 2023, nthawi ya namondwe Freddy, chimene mapiri okhuta madzi amachita.

Mukafika, musayambe n'kukumba. Khalani pamwala muganizire mtsinjewo uli wodzaza mu February. Chinthu cholemera chimayenda pokhapokha madzi ali ndi ukali, ndipo chimagwa pamene ukaliwo wathera. Malo amenewo ndi m'kati mwa gonyo la mtsinje, mbali imene mchenga ndi nsangalabwi zimaunjikana, osati mbali imene madzi akugumula gombe. Ndi kuseri kwa chimwala chachikulu, mbali yoloza kumunsi. Ndi pamene mtsinje wothina watambasuka mwadzidzidzi. Koposa zonse ndi m'ming'alu ya thanthwe lapansi, makamaka ming'alu yopingasa madzi. Golide amamira m'nsangalabwi chaka ndi chaka mpaka atagunda thanthwe kapena dongo lolimba, n'kukhazikika pamenepo. Mchenga woyera wofewa wa pamwamba, umene uli wosavuta kutapa, ndi umene ulibe kanthu. Supuni zitatu za dothi lomata lokolowola mumng'alu zimaposa ndowa yonse ya mchenga wa pamwamba.

Gombe musalikumbe. Likagumuka ndi dimba la munthu limene likupita, ndipo dothi lake limakathera ku Chilwa, nyanja yosazama kale imene inaumapo mu 1995 ndi mu 2018.

Kupeta kwenikweni

Amene anaonapo mayi wa ku Domasi akuchotsa mchenga mumpunga ndi madzi wadziwa kale theka la ntchitoyi. Mayi amapungulira mpunga kwina, mchenga wolemera n'kutsalira pansi pa mbale. Inu mukuchita chimodzimodzi, kungoti chotsalira pansicho ndi chimene mukufuna.

Ikani sefa pamwamba pa beseni, thiranimo dothi, mizani zonse m'madzi odekha ofika m'mawondo. Tikitani ndi manja mpaka zazing'ono zonse zitagwera m'beseni. Yang'anani miyala yotsala m'sefa musanaitaye, nthawi zina mumakhala kamwala kokongola. Tsopano fumbatani dothi la m'beseni muli m'madzi momwemo, kuphwanya mabuma onse a dongo mpaka madzi amatope atachoka. Dongo losaphwanyika limanyamula golide n'kutuluka naye.

Gwirani beseni ndi manja awiri, lili lomira, muligwedeze mwamphamvu kumanja ndi kumanzere, osati mozungulira, kwa kanthawi kowerenga mpaka makumi awiri. Zonse za m'katimo zizichita kutakataka ngati phala lamadzi. Apa m'pamene cholemera chikumira. Ndiye pendeketsani beseni pang'ono kuloza kutsogolo, muliviike ndi kulitukula mofatsa katatu kapena kanayi, madzi azikokolola za pamwamba zokha. Liwongoleni, gwedezaninso, pendeketsaninso. Kugwedeza kumamiza, kuviika kumachotsa, ndipo musachotse kawiri musanamize. Cholakwa cha aliyense woyamba ndi kuthamangira kuona pansi.

Mchenga woyera ukamatha muyamba kuona wakuda. Umenewo ndi wa chitsulo, ndi wolemera, ndipo ukatsalira ndiye kuti dzanja lanu likugwira bwino. Pakatsala supuni ziwiri kapena zitatu, tulukani m'madzi. Siyani madzi pang'ono m'beseni, sonkhanitsani mchengawo mbali imodzi, gogodani mkombero ndi chikhatho kangapo, kenako zunguzani madzi pang'onopang'ono kuti azisesa wakudawo ngati mchira. Golide akakhalapo amatsalira kumutu kwa mchirawo, osasuntha. Mutoleni ndi nsonga ya chala chouma, mugwetsere m'kabotolo ka madzi. Maginito agwiritseni ntchito mchenga utauma, ndipo zimene akoka muzipetenso, chifukwa mchenga wakuda ukamadumphira ku maginito umatha kupana kanyenyeswa.

Lembani m'kope beseni lililonse: malo, kuya kwake, kuchuluka kwa mchenga wakuda, ndi chimene mwaona. Mabeseni khumi opanda kanthu ndi yankho ndithu, akukuuzani kuti musunthe.

Chonyezimira chija n'chiyani?

Mitsinje ya kuno yadzaza ndi mica, timapepala tonyezimira tachikasu timene timanyenga pafupifupi aliyense. Chaka changa choyamba ndinasunga kabotolo kake mwezi wathunthu mtima uli m'mwamba, mpaka mkulu wina amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni anakagwedeza kamodzi n'kundionetsa mmene timapepalato tikuvinira m'madzi. "Mwana wanga," anatero, "golide savina. Amagwa ngati mwala n'kukhala chete." Sindinaiwale.

Mayeso ake ndi osavuta. Phimbani beseni ndi chikhatho: mica ndi pyrite (mwala wina wonyezimira ngati golide) zimazima mumthunzi, golide amakhalabe wachikasu ngati batala. Kanikizani ndi singano: golide amabonyoka kapena kuphwatalala, mica imanyenyeka timapepala, pyrite imasweka kapena kukana singanoyo chifukwa ndi yolimba. Khwekhwerezani kuseri kwa thailosi yoyera, mbali yosasalala: golide amasiya mzere wachikasu, pyrite wakuda mobiriwirako. Pyrite imakondanso kukhala ndi ngodya zakuthwa ngati kabokosi, pomwe golide wa mumtsinje amakhala wophwatalala, wosalala m'mbali. Mukakayikabe, pitani nacho kwa akatswiri a miyala aja.

Mercury, chitsulo chamadzimadzi chimene ena amagwirira golide, musamukhudze. Wina akakuuzani kuti popanda iye simugwira golide wa tinyenyeswa tating'ono kwambiri, dziwani kuti nthunzi yake ikamawotchedwa imawononga ubongo ndi impso, ndipo wotayikira m'madzi amakalowa m'matemba ndi m'makumba a ku Chilwa amene ana athu amadya. Munthu wochita izi mongosangalala alibe chifukwa chilichonse chomugwiritsira ntchito. Ndipo tsiku lina mukadzapeza golide woti n'kugulitsa, njira yake ndi yoonekera: kuyambira 2021 Reserve Bank of Malawi imagula golide kudzera ku Export Development Fund. Ogula a usiku asiyeni.

Makina ofufuzira zitsulo

Makinawa ali ndi mbale ya waya kunsonga imene imatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka, chitsulo chikayankha amalira. Basi. Saona golide pa mtunda wa makilomita, saloza mbiya za chuma pansi pa phiri. Ndalama yachitsulo amaimva mwina kuya kwa chikhatho chimodzi ndi theka. Aliyense wokugulitsani chida cha tinyanga tozungulira chimene akuti chimaloza golide patali akukuberani. Mayina odalirika ndi monga Minelab, Garrett ndi Nokta, koma abodza ovala mayina omwewa alipo ambiri, choncho muyese makinawo musanapereke ndalama. Ofufuzira golide weniweni amapangidwa mwapadera kuti amve tizidutswa tating'ono, ndipo ndi odula. Kuno ku Zomba makina wamba a ndalama ndi zitsulo zakale ndi amene angakupindulireni.

Musanapite kulikonse, konzani kamunda koyesera kuseri kwa nyumba. Kwirirani ndalama yachitsulo, msomali, chitsekero cha botolo, kawaya ka mkuwa ndi kachidutswa ka chitini, chilichonse pachokha, motalikirana phazi limodzi ndi theka, kuya kwa chala. Ikani zikhomo. Dutsanipo tsiku ndi tsiku mpaka khutu lizolowere. Msomali umalira mokhadzula, mosweka, ndipo kulira kwake kumasintha mukaudzera mbali ina. Ndalama imalira mawu amodzi oyera mbali zonse.

Katondo wathu wofiira ali ndi chitsulo chambiri, ndiye makina amatha kumangolongolola okha. Pezani pamalo popanda chitsulo, dinani batani la ground balance, lozoloweretsa makina nthaka ya pamalopo, mukweze ndi kutsitsa mbale kangapo mpaka phokoso litakhazikika. Likapitirira, tsitsani mphamvu ya makinawo pang'ono. Mukasintha dera, bwerezani. Miyala ina nayo imaliza makina, mukaisuntha ndi phazi kulirako kumasuntha nayo.

Poyenda, mbale ikhale yogona, pafupi kukhudza nthaka, osaitukula kumapeto ngati mukutchetcha udzu ndi chikwakwa. Kusesa kulikonse kuphimbe theka la kwapitako. Yendani ngati mukuperekeza nkhalamba. Akalira, dutsanipo chopingasa kuti mupeze pakati penipeni. Dulani dothi mozungulira mbali zitatu, mulitembenuze ngati chivundikiro, dothi lotuluka muziika pa thumba. Pititsani dothi lodzaza dzanja pa mbale mpaka mutapeza chinthucho, koma mphete ndi wotchi muvule kaye. Bwezerani dothi, pondani. Misomali ndi zitini zimene mwafukula munyamule, mwini munda adzakuitanani yekha chaka chamawa.

Pa migodi ndi makwale osiyidwa

Kuzungulira phiri kuli maenje a okumba miyala yonyezimira, makwale akale a miyala yomangira, ndi malo aakulu ngati Changalume, komwe ankakumba mwala wa laimu wopangira simenti. Malo osiyidwa sikuti alibe mwini, choncho chilolezo chikufunikabe, ndipo ena salowedwa n'komwe.

Kumene mwaloledwa, lamulo langa ndi limodzi ndipo sindilipinda: m'dzenje ndi m'ngalande ya pansi sindilowa. Mpweya woipa sununkha, munthu amangofooka n'kugwa, ndipo womutsatira kukamupulumutsa amagwanso pomwepo. Denga limene laima zaka makumi atatu limatha kugwa chifukwa cha kugogoda kumodzi. M'ndowe za mileme muli tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo. M'mphepete mwa dzenje nthaka imakhala yodyeka kunsi, udzu n'kuphimba. Madzi a m'kwale ndi akuya, ozizira, ndipo makoma ake alibe pogwira. Mukaona mawaya, timachubu kapena mabokosi a zophulitsira miyala, bwererani m'mapazi anu momwemo.

Zabwino zili panja. Yang'anani milu ya miyala imene okumba anataya, mutayima kumunsi chapambali, osati pansi pa mulu wotsetsereka. Tsiku lotsatira mvula yowaza miyala imakhala yotsukika ndipo timakristalo timaoneka. Makina apititseni kumene anthu ankakhala, osati kumene ankakumba: pamene panali misasa, m'njira yopita kumadzi, pansi pa mitengo yakale ya mango, pamene ankalandirira malipiro. Ku National Archives, komwenso kuli mu Zomba, mungapemphe kuona mapu ndi malipoti akale okuthandizani kudziwa pamene nyumba zinali. Muziyenda awiri, kunyumba adziwe kumene muli ndi nthawi yobwerera, ndipo mu June ndi July chifunga cha chiperoni chikayamba kutsika, longedzani.

Chimene mwafukula

Zambiri zidzakhala misomali. Koma tsiku lina mudzatola khobidi loboola pakati la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, lokhala ndi njovu ziwiri m'mbali mwa bowolo. Kapena sheleni ya 1964 ya nkhope ya Kamuzu ndi chimanga kuseri, ya nthawi imene kwacha ndi tambala zinali zisanabwere mu 1971. Musaikweche ndi mchenga kapena phulusa, ndipo musaiviike mu viniga. Madzi, kasopo pang'ono ndi mswachi wofewa n'zokwanira, kenako iume bwino. Ikani m'kaemvulopu kakekake, mulembepo tsiku, malo ndi kuya kwake.

Zomba ndi tauni ya asilikali kuyambira nthawi ya King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, choncho zipolopolo zakale zimapezeka. Chinthu chooneka ngati bomba kapena chipolopolo chosaphulika musachitukule, musachigogode. Ikani chizindikiro patali, chenjezani anthu, kauzeni apolisi.

Mukagunda mbiya zakale, mikanda, nsonga za mikondo, zotsalira za ng'anjo yosungunulira chitsulo kapena mafupa, lekani kukumba nthawi yomweyo. Zimenezo zili pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo akatswiri amaphunzira zambiri pa mmene zagonera m'nthaka kuposa pa chinthucho chili m'manja. Jambulani ndi foni zili pomwepo, muike ndalama pambali kuti kukula kwake kuoneke, kwirirani mofatsa, mukauze amfumu tsiku lomwelo, kenako mudziwitse a Department of Museums and Monuments kudzera ku ofesi ya DC.